Mwana wandidyera ndalama ya banki m'khonde pa kandege, ndimutani?

Make Yankho: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali usiku uno, tulo tandithawa. Ine ndimagulitsa usipa wouma ndi tomato ku Kamuzu Road. Lachisanu lililonse timakumana ku banki m'khonde, ndiye sabata ino ndinasunga K45,000 m'foni, ina ya masheya, ina yobweza ngongole imene ndinatenga mwezi watha. Lero masana ndapita kwa ejenti kuti ndikatape, mtsikanayo wandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mulitu K1,300 yokha umu." Ndinayesa ndaberedwa ndi anthu aja amaimba foni n'kumanama kuti atumiza ndalama molakwitsa. Ayi ndithu. Poona mauthenga, ndalama yatuluka pang'onopang'ono, 2,000, kenako 5,000, kenako 10,000, usiku wa Lachiwiri ndi Lachitatu ine ndili mtulo. Wakubayo ndimadya naye mbale imodzi. Ndi mnyamata wanga wachiwiri, wa Fomu 2, zaka 15. Pini amaidziwa chifukwa maso angawa sakuonanso bwino tizilembo, ndiye ndi iyeyo amanditumizira ndalama kwa ondipikulitsa nsomba ku Senga Bay, ndi iyeyonso amagula mayunitsi a magetsi. Poyamba anakana mpaka kulumbira. Nditamuonetsa mauthengawo wayamba kulira, akuti amasewera kandege, juga ya pa foni ija, ankafuna awine andibwezere ndisanadziwe. Bambo ake ali ku Dwangwa ku ntchito ya nzimbe, amabwera pakutha pa mwezi, sindinawauze. Mawa ndi Lachisanu. Makolo anzanga, mwana ameneyu ndimutani? Panopa wadzitsekera kuchipinda, nsima wakana.

aPhiri a Kabaza: Mayi musachedwe ndi zambiri. Thyolani kanthambi ka bwemba. Ife tinakula choncho, ndipo mpaka lero ndikatola ndalama ya munthu pa msewu manja amanjenjemera. Nsima wakanayo musamunyengerere, njala imuuza yokha.

Nabanda wa ku Lifuwu: Pepani asisi. Ine ndine msungichuma wa gulu lathu kuno, ndiye ndiyambe ndi za mawazo, za mwana zibwera. Musajombe. Pitani mukanene zoona zokhazokha. Amayi a gulu amamvetsa munthu wobwera chimanjamanja n'kufotokoza, koma wozimitsa foni Lachisanu samuiwala mpaka tsiku logawana. Chindapusa mulipira, inde. Chonde musathamangire katapila kuti mukwirire dzenjeli, mukumba lina lakuya kuposa ili.

Make Yankho: Zikomo aNabanda. Katapilayo ndinayamba kale kumuganizira, mwandigwira dzanja.

Ejenti wa pa Depoti: Mayi, nkhani yanuyi kwa ife okhala pa benchi ya Airtel Money ndi Mpamba si yachilendo. Ana a yunifomu amabwera akaweruka, wina 500, wina 1,000, "ankolo tandiikirani pa nambala iyi, ndi ya amayi anga." Ukafunsa akuti andituma. Lamulo limati wobetcha akhale wa zaka 18 kupita m'tsogolo, koma foni siona nkhope ya munthu. Layini inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, ndiye uko akudziwa kuti akusewera ndi mayi wamkulu. Sinthani pini usiku womwe uno. Isakhale chaka chanu chobadwa kapena cha mwana, zimenezo amayesa koyambirira. Ndipo muthokoze kuti mauthenga sanafute. Anzake ochenjera amafuta, kholo limadzadziwira pa benchi yanga pano, pamaso pa anthu.

Braz K: Ndiloleni ndiyankhe ngati munthu amene anadwalapo matenda amenewa, chifukwa akuluakulu ambiri pano kandege mumangokamva. Pa foni pamaoneka kandege kakunyamuka, ndipo pamene kakukwera ndalama yako ikuchulukana, kawiri, katatu, kasanu. Ntchito yako ndi kutapa kasanathawe. Kakathawa usanadine, yonse yapita. Masewero amodzi nthawi zambiri satenga ngakhale mphindi imodzi, ndiye 10,000 imatha uli chigonere pa mphasa. Tsoka lalikulu ndi kuwina tsiku loyamba. Ine ndinaika 500 n'kutapa 6,000, ndinadziona ngati ndatulukira mgodi. Kuchokera pamenepo sindinkaseweranso kuti ndilemere, ndinkasewera kuti ndibweze imene yadyedwa dzulo. Ndalama ya lendi ya teremu yonse ku koleji inathera momwemo, ndinagona pansi kwa mnzanga miyezi itatu. Ndiye mwanayo akamati "ndimafuna ndikubwezereni musanadziwe", sakunama mayi. Ndi mmene mutu umayendera. Amene anapanga masewerowo anawerengera kale kuti pamapeto pake yotsala kwa iwo ichuluke kuposa yotuluka. Mukam'kwapula amva kuwawa lero, koma m'mutu mwake mukhalabe mawu oti "ndikanangotapa pa 3, bwenzi zonsezi kulibe."

aPhiri a Kabaza: Ndiye timuombere m'manja?

Braz K: Ayi madala, alangidwe ndithu. Koma chilango chikhudze ndalamayo, osati matako okha.

Madamu a ku Chipoka: Ndagwirizana ndi Braz. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndikufuna ndikufunseni funso Make Yankho, musakhumudwe nalo. Mwanayu anayamba wagwirapo ndalama yakeyake? Sindikunena yomutuma kuchigayo, ndikunena yoti ndi yake, aisunge kapena aiwononge, ikatha amve kuwawa yekha. Chifukwa ana athu ambiri ndalama amaidziwa m'njira ziwiri zokha: yopempha ndi yotumidwa. Kumene imachokera sakuona. Kale mwana ankaona bambo akuwerenga makobidi a thonje pa mkeka, ankaona thumba la mpunga likutuluka m'nyumba n'kusanduka yunifomu. Lero ndalama ndi manambala pa foni. Mwana wanuyo wakhala akudina 20,000, 30,000 kutumiza ku Senga Bay, chala chake chinazolowera, koma sanaimepo pa dzuwa la Salima tsiku lonse kuti aone kuti 45,000 imatenga milu ingati ya usipa. Kwa iye kusiyana kwa 5,000 ndi 50,000 ndi ziro mmodzi basi. Ine ndikanakhala inu ndikanagula kope la masamba ochepa, pamwamba n'kulemba K43,700, iye asayine pansi. Loweruka lililonse azipita nanu ku geni, muzimudulira kagawo ka phindu la tsikulo, iye yemwe azichotsera m'kopemo mpaka ifike pa ziro. Zitenga miyezi. Zitenge.

Make Yankho: Madamu, funso lanulo landilasa. Zoona, sanagwirepo yakeyake. Ndimangoti akafuna cholembera ndagula, akafuna sopo ndagula. Kumsika sindimamutenga, ndimati mwana wa sukulu asanunkhe nsomba, anzake angamuseke. Mlongo wake wamkulu Yankho ndi amene ndinkayenda naye kuyambira ali Sitandade 5.

Anti Mercy: Apo ndiye mwanena nokha vuto lathu amayi! Mtsikana timamusenzetsa beseni la mandasi ali wamng'ono, amadziwa kubweza chenji asanadziwe kulemba kalata. Mnyamata timati awerenge, azipita ku mpira. Kenako tikudabwa kuti amuna athu ndalama sakhala nayo m'thumba.

aPhiri a Kabaza: Anti, mwayamba kutilowa ife tsopano.

Anti Mercy: Sindinatchule dzina aPhiri, mwadzigwira nokha.

Che Saidi (Senga Bay): Salaam kwa nonse. Ine ndili ndi boti ndi khoka la chilimira, ndiye anyamata ndi ndalama ndimawaona tsiku ndi tsiku. Ndikufuna nditsutseko pang'ono zimene anena Madamu, zoti mwana akaona thukuta la ndalama ndiye aisamala. Kuno kunyanja anyamata thukuta amalidziwa kuposa aliyense. Amachoka dzuwa likulowa, usiku wonse pa madzi, kuzizira, kukoka khoka mpaka manja kuchita matuza. Usipa ukagwa bwino mnyamata wa zaka 17 amalandira m'mawa umodzi ndalama imene mphunzitsi amadikira masabata. Pofika madzulo alibe ngakhale ya sopo. Yapita ku mowa, ku juga, ku mavidiyo, kwa atsikana. Chifukwa chake n'chakuti m'mutu mwake nyanja ndi banki yosatseka, mawa akatapanso. Ndiye mwera ukaomba mu June ndi July maboti osalowa, kapena nyanja ikatsekedwa mu November ndi December kuti chambo chiswane, ndi omwewo amayamba kugulitsa foni, kenako nsapato. Thukuta lokha siliphunzitsa munthu. Chimene chimaphunzitsa ndi kudziwa kuti kukubwera miyezi yopanda kanthu. Akuluakulu a kwa Makanjira anaziona kalekale zimenezi. Pa chilumba cha Mbenje usodzi amatseka nyengo ya mvula n'kudzatsegula mu April, ndipo pa chilumbapo mowa ndi juga n'zoletsedwa. Anthu amachokako ndi ndalama yooneka, yogulira malata. Nsomba ndi zomwezi, manja ndi omwewa, kusiyana kwake ndi malamulo amene anadziikira. Ine alovi anga ang'onoang'ono, anyamata ogwira ntchito m'boti, ndimawadulira gawo limodzi mwa magawo anayi, ndimalemba m'buku, ndimawapatsa nyanja ikatsekedwa. Amanditukwana chaka chonse, mu December amandipatsa moni wa manja awiri.

Madamu a ku Chipoka: Che Saidi mwandiwongola bwino, ndavomera. Ndiye kuti kopelo likhale ndi mizere iwiri, wobweza ngongole ndi wosunga. Koma ndidandauleko pomwepo: ana amene mumawatenga m'maboti ndi omwe timawasowa m'kalasi. Mwana akalawa ya usipa, Fomu 2 amaiona ngati kutaya nthawi.

Che Saidi (Senga Bay): Wa sukulu ine sindikweza m'boti Madamu, funsani pa doko. Koma enawo sindingawayankhire.

Nabanda wa ku Lifuwu: Pa nkhani yosungayo ndiikepo langa. Musaphunzitse mwana kusunga ndalama m'chitini kapena m'kabokosi kokhoma ndi misomali n'kumati adzatsegule chaka chamawa. Zinali zabwino kale. Mukukumbuka mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, kenako mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Mwana wanga wamkazi anasunga chaka chathunthu kuti agule nsapato za sukulu, potsegula bokosi nsapato zija zinali zitakwera kale, analira tsiku lonse n'kunena kuti kusunga n'kupusa. Ndinasowa chomuyankha chifukwa mbali ina ankanena zoona. Chaka chotsatira tinasintha, ndalama ikakwana timagula msoti. Nkhuku yake, chakudya aziona yekha, madeya azikapempha yekha kuchigayo cha mpunga. Inaswa anapiye 9, anakula 6. Apa mpamene anaphunzira china chimene ine sindikanatha kumuuza ndi pakamwa. Wopereka katemera wa chitopa atabwera m'mudzi, uja amadonthezera m'diso, ndinamuuza kuti alipire nkhuku zake. Anakana, akuti ndalama yake ingachepe. Ndinangoti chabwino. Kutentha kutafika chitopa chinalowa, zanga zinapulumuka, zake zinatsala ziwiri. Sindinamugulire zina, ngakhale mtima unkandiwawa kumuona akukwirira nkhuku kuseri kwa khola. Lero ali Fomu 3, ali ndi mbuzi imodzi, ndipo tsiku la katemera amandikumbutsa ndi iyeyo.

Agogo aNaphiri: Ana inu mukulemba mofulumira, mdzukulu wanga ndi amene akundiwerengera. Ine ndingoti m'mera mpoyamba. Ife amayi ankatipatsa kamunda ka mtedza kathukathu kumapeto kwa munda waukulu. Ukalima mwaulesi, nsalu ya Khrisimasi kulibe. Palibe ankakukalipira. Koma mayi iwe, usamubisire bambo wake. Ndiponso amalume ake a mwanayo adziwe, mbumba ndi yawo. Nkhani yobisa imanunkha ikadzaululika.

Make Yankho: Agogo, bambo akewo ndi amene ndikuopa. Dzanja lawo ndi lolemera, akhoza kumuvulaza.

Agogo aNaphiri: Ndiye uyambe wauza amalume ake, adzakhalepo pofotokoza. Pamaso pa mlamu munthu sakweza dzanja.

Achimwene a ku Joni: Ndikuwerenga kuchokera ku Johannesburg, ndangoweruka kumene. Kwathu ndi ku Khombedza. Nkhani ya Madamu yoti ana saona kumene ndalama imachokera, ife a kunja ndiye imatipweteka zedi. Ana anga atatu ankangodziwa kuti pa 30 foni ya mayi awo ilira. Woyamba anafika ponditumizira chithunzi cha nsapato ya mtengo woposa lendi yanga, pansi n'kulemba kuti "dad iyi". Vuto ndinalipanga ndekha, chifukwa zithunzi zimene ndinkatumiza zinali za pa mall, nditatsamira galimoto ya bwana. Tsiku lina ndinaimba vidiyo usiku, ndinamuonetsa chipinda chimene timagona anthu anayi, matiresi pansi, mbaula pakona, zovala pa msomali. Ndinamuwerengera: lendi iyi, basi yopita ku ntchito iyi, chakudya ichi, yotumiza kwanu iyi, yotsala iyi. Anakhala chete mpaka ndinayesa netiweki yadula. Sindinganame kuti anasanduka mngelo, amapemphabe, koma tsopano amayamba ndi kufunsa kuti mwezi uno zayenda bwanji.

aPhiri a Kabaza: Apa pokha ndiye ayi. Mwana adziwe ndalama imene ndimapeza? Mawa akalengeze ku sukulu konse? Ngakhale mayi ake a ana kunyumba sadziwa kuti njinga imabweretsa zingati patsiku. Bambo ndi bambo.

Anti Mercy: Hahaha ndinanena ine! Mwamva nokha gulu lonse.

Nabanda wa ku Lifuwu: APhiri, mukadzagwa pa njingapo, Mulungu aletse, akunyumba adzadziwa bwanji amene muli nawo ngongole ndi amene ali ndi ngongole yanu? Kuno tinaika maliro a bambo wina, patatha sabata anthu atatu anabwera ndi makope awo, mayi wamasiye osadziwa kanthu. Mbuzi zonse zinapita.

aPhiri a Kabaza: Zanga zili m'mutu.

Anti Mercy: Mutuwo ndi umene ukupita m'manda limodzi ndi inu.

Admin: Tiyeni tibwerere kwa Make Yankho chonde, za banja la aPhiri tidzatsegulira tsiku lake.

Madamu a ku Chipoka: APhiri ali ndi kamfundo ndithu, tisawaseke chabe. Mwana wa Sitandade 3 simungamuuze malipiro anu, akaulula pa mpira. Koma pali kusiyana pakati pa kumuuza zonse ndi kumubisira zonse. Wamng'ono mupatseni 2,000 ndi kapepala ka zogula, tomato, anyezi, mchere, abweretse chenji chokwana ndipo anene mtengo wa chilichonse. Akafika Sitandade 7 kapena 8 mupatseni ya ndiwo ya masiku atatu nthawi imodzi, aone yekha kuti akagula chambo Lolemba, Lachitatu banja lonse lidya nsima ndi mchere. Wa sekondale akhale nanu pansi potsegulira teremu, muwerengere limodzi: yunifomu, makope, ya mayeso, thiransipoti. Ine wanga wa ku boarding ndimamupatsa ya m'thumba ya mwezi wonse kamodzi. Teremu yoyamba inatha m'masiku 9, anaimba kudzera pa foni ya metroni akulira. Ndinamufunsa ngati ku dining kwasiya kuphikidwa nyemba. Sindinatumize. Usiku umenewo ine ndi amene sindinagone, koma sindinatumize.

Mayi Abusa: Ndiwonjezere kuti pomuphunzitsa kusunga tisaiwale kumuphunzitsa kupatsa. Ana a Sande sukulu timawapatsa chopereka pa khomo la tchalitchi, amangonyamula ngati positi. Chikachokera m'ndalama yake, ngakhale 100, ndiye wapereka iyeyo. Ndikhulupirira kwa anzathu achisilamu sadaka n'chimodzimodzi.

Che Saidi (Senga Bay): N'chimodzimodzi mayi. Ndipo juga kwa ife ndi haramu, ana amaphunzira ku madrasa, komabe pa foni akusewera. Ndiye tisanamizane kuti kulalikira kokha kukwanira.

Anti Mercy: Ine ndibwerere kwa atsikana, chifukwa tikakamba za kandege tiiwala mbali inayo. Mnyamata wosowa ndalama amaba m'foni ya mayi ake. Mtsikana wosowa ndalama saba, amapatsidwa. Ndipo tonse tikudziwa amene amapatsa, pa doko paja usipa ukatuluka, kapena pa siteji madzulo. Mwana wamkazi wa zaka 14 amafuna sopo, mafuta odzola, mapadi, kabudula wamkati, zinthu zoti sangapemphe kwa bambo ake, ndipo kwa mayi akapempha kawiri timamukalipira kuti ndalama sizimera m'mitengo. Akasiya kupempha timasangalala kuti wakula. Sanakule, wapeza kwina. Ine wanga ndimamupatsa yake mwezi uliwonse, yochepa ndithu, ndipo ndinamuuza kuti chinthu chatsopano chilichonse chikalowa m'nyumba muno ndidziwe kumene chachokera. Mandasi amagulitsa, inde, koma pakhomo ndi masana. Beseni likatsala ndi asanu dzuwa litapendeka, tidya tokha.

Make Yankho: Anti Mercy apo mwanena. Yankho nditayamba kumuona ndi mafuta amene sindinagule ine, mtima unaima. Mwamwayi anali a azakhali ake.

Bambo a Tada (Thavite): Funso langa kwa Madamu. Zomupatsa kagawo ka phindu pa geni ya mayi ake omwe, si kumuphunzitsa kuti ntchito ya pakhomo ndi yolipidwa? Mawa mukamutuma kotunga madzi adzati zingati. Ine mwana wa mlongo wanga anafika pamenepo, kusesa pabwalo mpaka atalonjezedwa 200.

Madamu a ku Chipoka: Ayi bambo, n'zosiyana. Kusesa, kutunga madzi, kutsuka mbale, kulima munda wa banja, zimenezo salipidwa munthu, chifukwa nayenso amadya pomwepo. Koma ntchito imene mukanalipira munthu wina wa ganyu, monga kusenza matumba a usipa kuchoka pa siteji, kuweta mbuzi za eni, kuumba njerwa pa holide, imeneyo mupatseni mtengo wake. Kungoti tisapitirire. Lamulo la ntchito m'dziko muno limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wopitirira pamenepo ntchitoyo isamuonongere sukulu kapena thanzi. Uyu ali ndi JCE kutsogoloku. Loweruka lokha basi, Lolemba m'kalasi.

aPhiri a Kabaza: Chabwino, mwandichulukira. Koma kabwembako kakhale pafupi.

Make Yankho: Zikomo nonse, ndawerenga uliwonse. Pini ndasintha, ejenti wa pafupi wandithandiza. Ndikagone, mawa ndidzakuuzani.

Make Yankho: Mwadzuka bwanji. Pepani ndinalonjeza mawa koma patha masabata atatu, zinthu zinachuluka. Lachisanu lija ndinapita ku gulu monga ananenera aNabanda, koma ndinachita china chimene simunandiuze: ndinamutenga mwiniwakeyo. Anavala yunifomu kuti apite ku sukulu, ndinati lero uchedwa. Anakhala pa mphasa kumbuyo kwanga, amayi 22 atazungulira. Bokosi lathu lili ndi maloko atatu, makiyi amasunga amayi atatu osiyana, ndiye anaona mmene amatsegulira pamaso pa onse, mmene amawerengera ndalama mokweza, aliyense akutchulidwa dzina n'kuponya yake m'mbale. Pali mayi wina wachikulire amagulitsa nkhuni, anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa tindalama topindikapindika ta 200 ndi 500, n'kuwongola kamodzikamodzi pa bondo. Dzina langa litatchulidwa ndinati ndilibe, chifukwa chake afotokoza ndi uyu. Ndinayesa athawa. Anaimirira, mawu osatuluka bwino, anati, "Ndinatenga ndine, ndinaseweretsa pa foni." Palibe anamukalipira, ndipo ndikuona kuti kukhala chete kumeneko kunamupweteka kuposa bwemba wa aPhiri. Mayi wa nkhuni uja anangoti, "Mwanawe, mmenemo munali ndi yanga." Chindapusa ndinalipira, ngongole anandiwonjezera mwezi umodzi ndi chiwongoladzanja chake.

Bambo ake tinawauza amalume ake alipo, monga ananenera agogo. Anakwiya, anatuluka panja, anazungulira nyumba kawiri, koma sanamenye. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti usiku anandiuza kuti ku Dwangwa anzawo ambiri a ku ntchito amasewera kandege komweko tsiku la malipiro. Ndinawafunsa kuti nanga inu? Anati tigone kwada.

Kope tinagula. Loweruka timadzuka 4 koloko kupita ku Senga Bay kukapikula, iye amasenza, amayala milu, amabweza chenji. Loweruka loyamba anaononga 1,500 pobweza chenji mopitirira, ndinaiwonjezera pa ngongole yake, anatsutsa, ndinati geni ndi choncho. Anzake a ku sukulu anamuona ndithu, anamuseka kuti akununkha usipa, anabwera kunyumba atakwiya. Sindinamunyengerere.

Nabanda wa ku Lifuwu: Asisi mwalimba mtima kuposa ine. Zomutengera ku gulu sindikanaziganiza.

Braz K: Mayi mwachita bwino, koma maso akhale pa iye. Chilakolako chija sichitha ndi manyazi a tsiku limodzi. Akayamba kugwira yakeyake, foni za anzake zilipo. Muzimufunsa mwachindunji, osati mokalipa, kuti sabata ino wasewera? Ine amene anandithandiza ndi mkulu wanga, ankandifunsa Lamulungu lililonse mpaka ndinatopa ndi kunama.

aPhiri a Kabaza: Ndinamuona mnyamatayo Loweruka, ndinanyamula thumba lawo kuchoka pa siteji. Anandinenerera mtengo mpaka ndinachotsa 300. Mwana woipa.

Anti Mercy: Hahaha aPhiri mwakumana nazo. Nanga bambo a ku Dwangwa aja, yankho anapereka?

Make Yankho: Anti, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, Admin angatithamangitse. Koma kopeli landitembenukira ine tsopano. Popeza amalemba zonse za pa benchi, dzulo wandifunsa kuti, "Amayi, anthu awa mwalemba kuti adzapereka mawa, mawa lake ndi liti?" Wawerengera ngongole za usipa zimene anthu sanandibwezere kuyambira mwezi watha, zakwana 19,000, ena ndi achibale, wina ndi mnzanga wa kwaya. Akuti ngati iye akubweza, iwonso abweze, ndipo akufuna azikatolera yekha akaweruka. Ndamuletsa kaye, sindikudziwa ngati n'koyenera mwana kukagogoda pa khomo la azakhali ake kukafunsa ngongole. Wandifunsanso chifukwa chimene ndimagulira bandulo ya tsiku ndi tsiku m'malo mwa ya mwezi. Ndinamuuza kuti atseke kopelo akasambe.

Madamu a ku Chipoka: Kwa azakhali musamutume, mupite nokha. Koma za bandulozo mwanayo akunena zoona.

Che Saidi (Senga Bay): Ngongole yake yafika pati?

Make Yankho: Pochotsa ndi powonjezera ya chenji ija, yatsala 37,500. Mzere wosunga uli ndi 1,800, akuti akufuna msoti ngati mwana wa aNabanda, ndiye aNabanda mundiuze tsiku la katemera. Vuto lina ndi ili: pini yatsopano ija ndaiiwala. Ndayesa kawiri yakana, ndikuopa kuyesa kachitatu angandtsekere. Ndinailemba pa kapepala n'kubisa kuti iye asakaone, ndiye kapepalako sindikukumbuka pamene ndinaika. Iye akuti akudziwa pamene pali, anakaona sabata yatha posesa, koma sanatsegule. A Ejenti, mutsegula nthawi yanji mawa?

Ejenti wa pa Depoti: 7 koloko mayi. Mubwere ndi chiphaso, mwanayo mumusiye kunyumba.